Mchere wa mumphika ndi wina, wa pathandala ndi wina

Foni inalira kunja kusanayere bwino. Anali msuweni wanga wa ku Namwera, ndipo sanapereke n'komwe moni.

"Asuweni, nsomba zija zawola zonse. Mpamba wanga wapita."

Msuweni wangayu amachita geni ya nsomba. Amatsika ku Mangochi boma m'mamawa, kukapikula chambo kwa asodzi kapena kwa anzake a geni, kenako n'kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, kukwera mapiri aja mpaka kufika pa Namwera. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti ukamachoka kunyanja umatuluka thukuta, koma pofika kumtunda umayamba kufunafuna juzi, makamaka mwezi wa June.

Tsiku limenelo msika sunayende. Pofika madzulo, beseni linali lidakali ndi nsomba zoposa theka, magetsi kulibe, ayezi kulibe. Ndiye anakumbukira uthenga umene unazungulira pa gulu lina la WhatsApp, wonena kuti ukaviika nsomba m'madzi a mchere siziwola. Anang'amba nsomba zija, kuzitumbula, kuthira madzi m'chidebe, kuponyamo mchere wodzadza manja awiri, n'kuzisiya momwemo usiku wonse. M'mawa mwake anasangalala kwabasi. Nsomba zinkaoneka zonenepa, zonyezimira, zolemera m'manja kuposa dzulo lake. Anaziyala pathandala kuti ziume. Koma kunja kunachita mitambo masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu fungo linayamba kuitana ntchentche za mudzi wonse.

"Komatu ndinathira mchere ine," anatero uku mawu akunjenjemera. "Nanga mchere si umasunga nsomba?"

Anganga athu, amene ankamva zonsezi ali pamkeka, akuti anangopukusa mutu. Iwo mchere amautchula kuti njete, mwa Chiyawo chawo, koma chiweruzo anachipereka m'Chichewa kuti mdzukulu amve bwino: "Mchere wa mumphika ndi wina, wa pathandala ndi wina. Iwe unathira wa mumphika."

Ine ndinapita ku yunivesite, Anganga sanapondeko m'kalasi. Koma zimene ananena m'mawu ochepawo ndi zomwe mabuku a sayansi ya chakudya amafotokoza m'mitu yathunthu. Mchere uli ndi nkhope ziwiri. Wochepa umachititsa mapuloteni kusungunuka n'kumwa madzi. Wambiri umawachititsa kugwirana, kuuma gwa, n'kulavula madzi. Ukapanda kudziwa malire a ziwirizi, ukhoza kuwoletsa nsomba uli mkati moganiza kuti ukuisunga.

M'kati mwa mnofu muli chiyani?

Ku pulayimale tinaphunzira kuti nsomba ndi chakudya chomanga thupi. Chomangacho ndiye mapuloteni. Koma mukanyamula chambo chachiwisi, chimene mwanyamula kwambiri ndi madzi. Pa magalamu 100 a mnofu wa nsomba yopanda mafuta ambiri, pafupifupi 80 ndi madzi, ndipo mapuloteni amakhala pakati pa 15 ndi 20. Funso n'lakuti, madzi onsewo bwanji satayika ngati m'thumba lobooka? Yankho: mapuloteni ndi amene amawagwira.

Mapuloteni a mumnofu sali a mtundu umodzi. Alipo ena amene amasungunuka m'madzi wamba. Amenewa mumawaona tsiku lililonse: thovu lotuwa lija limayandama pamwamba mukamawiritsa nyama kapena nsomba ndi iwowo, atatuluka n'kupsa. Alipo ena amene sasungunuka ngakhale pang'ono m'madzi ozizira, monga a m'mitsempha ndi pakhungu. Ndiye pali gulu lachitatu, lomwe ndi lalikulu kuposa onse mu nsomba, la mapuloteni amene amachititsa mnofu kukokana ndi kumasuka pamene nsomba ikusambira. Wamkulu wa gululi dzina lake ndi myosin. Ameneyu ndiye mwini nkhani yathu, chifukwa ali ndi khalidwe lachilendo: m'madzi wamba sasungunuka, m'madzi a mchere pang'ono amasungunuka, koma mchere ukachuluka kwambiri amauma n'kusiya kugwira madzi.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tikumbukire chinthu chimodzi cha ku sekondale. Mchere wa pakhomo ukalowa m'madzi umagawika tizidutswa tiwiri, sodiyamu ndi kolorayidi. Kena kali ndi mphamvu ya pozitivi, kena ya negetivi, monga mitu iwiri ya batire la tochi. Puloteni nayenso pathupi pake ali ndi malo ena a pozitivi, ena a negetivi, ndi malo enanso amene sagwirizana ndi madzi, ngati mmene mafuta amachitira.

Mchere ukachepa: wolanditsa ndewu

M'madzi opanda mchere, malo a pozitivi a puloteni mmodzi amakokana ndi malo a negetivi a mnzake. Amagwirana zolimba ngati anthu awiri amene agwirana malaya pa ndewu, ndipo madzi sapeza mpata wolowa pakati pawo. Mukathira mchere pang'ono, tizidutswa tija timapita kukaima pamalo okokanawo, monga anthu olanditsa amalowera pakati. Mapuloteni amasiyana, mnofu umamasuka, madzi amalowa. Asayansi amati kumeneku ndi salting in, kutanthauza kuti mchere walowetsa puloteni m'madzi.

Izi mukhoza kuziona ndi maso anu lero lomwe. Swani dzira, mutenge choyera chokha, muchithire m'tambula ya galasi muli madzi oyera, mutakase. Madzi achita mbuu ngati muli tiulusi toyera. Tsopano tsinani mchere pang'ono, muthiremo, mutakasenso. Mbuu uja achepa, madzi ayamba kuoneka bwino. Zimene zinachita mbuu ndi mapuloteni a gulu lotchedwa globulin, amene amakana madzi wamba koma amalola madzi a mchere pang'ono. Mapuloteni ambiri a mu nyemba, soya ndi mtedza umene timasinja nsinjiro ndi a gulu lomwelo.

Myosin amayamba kumasuka bwino mchere ukafika magalamu 30 mpaka 35 pa lita ya madzi, womwe ndi mlingo wofanana ndi madzi a m'nyanja ya mchere monga ya ku Beira kapena Nacala. Mnofu wa nsomba umafufuma kwambiri mchere ukakhala pafupifupi magalamu 50 mpaka 60 pa lita, kapena kuti 5 mpaka 6 peresenti. Pamenepo nsomba imamwa madzi n'kulemera.

Mwayamba kuona chimene chinachitikira msuweni wanga? Mchere wa manja awiri m'chidebe chodzadza madzi ndi nsomba unali wochepa kwambiri kuti usunge kanthu. Unangothandiza mnofu kumasuka ndi kumwa madzi. Kunenepa kumene anasangalala nako m'mawa muja kunali madzi okhaokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anatenga nsomba yonyowa kale, n'kuinyowetsanso, kenako n'kuipempha kuti iume kunja kuli mitambo. Ndipo mchere wochepa chotero suopsa mabakiteriya owoletsa nsomba. Iwo anangopeza phwando.

Koma musaude mchere wochepa, chifukwa pamalo pake umachita zodabwitsa. Kodi munayamba mwadzifunsa chifukwa chake soseji sayoyoka mukaidula? Opanga soseji amathira mchere pafupifupi magalamu 20 pa kilo ya nyama yogaya, n'kukanda mpaka iyambe kumata m'manja. Chomatacho ndi myosin amene wasungunuka. Akaiphika, myosin uja amalimba n'kumanga tizidutswa tonse pamodzi monga simenti imangira njerwa. Ku Japan amachita zomwezo ndi mnofu wa nsomba popanga chakudya chotchedwa kamaboko. Inunso mukafuna kupanga timipira ta nyama kapena ta nsomba tosaphwasuka m'chiwaya, thirani mchere musanayambe kukanda, osati pomaliza.

Chimodzimodzinso amene akufuna kuwotcha chambo kapena nkhuku pa makala. Mukaiviika m'madzi a mchere wa masupuni aakulu atatu pa lita, nsomba kwa mphindi 20 kapena 30, nkhuku kwa maola angapo pamalo ozizira, siuma msanga pamoto. Imatuluka yofewa, yamadzimadzi. Uwu ndiye mchere wa mumphika wa Anganga uja: wa chakudya chimene mudye lero.

Mchere ukachuluka: akabaza athawa katundu

Tsopano tiyeni ku nkhope inayo. Yerekezani kuti muli pa siteji ya Namwera. Mayi wina wafika ndi matumba akuluakulu, ndipo akabaza anayi amuzungulira, aliyense wagwirako mbali yake. Mwadzidzidzi yafika minibasi yodzadza, anthu akutsika ambirimbiri, aliyense ali ndi ndalama m'manja. Akabaza aja amasiya matumba n'kuthamangira anthu otsikawo. Matumba amagwa pansi, n'kuunjikana pamodzi.

Matumbawo ndi mapuloteni, akabaza ndi madzi, anthu otsika m'minibasi ndi mchere. Puloteni amakhala womasuka pokhapokha madzi atamuzungulira. Koma kachidutswa kalikonse ka mchere nakonso kamafuna madzi okazungulira, ndipo kamakoka mwamphamvu. Mchere ukachuluka, madzi ambiri amapita kwa iwo. Mapuloteni amatsala pamtetete, malo awo aja odana ndi madzi amayamba kufunana, amagwirana, n'kuundana. Kumeneku ndiye salting out, mchere kutulutsa puloteni m'madzi.

Mu nsomba, kusinthaku kumayamba mchere wa m'kati mwa mnofu ukafika pafupifupi 10 peresenti. Mnofu umakhwinyata, umalimba, umasiya kunyezimira, ndipo madzi amachucha. Mchere wa kunja umakoka madzi, pomwe mapuloteni a m'kati asiya kuwakakamira. Madzi otsalawo amakhala owawa mchere moti mabakiteriya ambiri owoletsa nsomba sangathe kuswana. Ngakhale ntchentche zoikira mazira obala mphutsi, ndi tizirombo tija timafumbwitsa nsomba zouma, siziikonda nsomba ya mchere wambiri.

Madzi nawo ali ndi malire. Lita imodzi imatha kusungunula mchere wokwana pafupifupi magalamu 360 basi. Mukapitiriza kuthira, wotsalawo umangokhala pansi. Madzi ofika pamenepa ndi amene amagwira ntchito yosunga.

Ife a kunyanja kuno mwambo wathu waukulu ndi kuyanika, kufutsa ndi kuwamba. Usipa timauyanika padzuwa kapena kuufutsa kaye, chambo ndi mlamba timawamba pa utsi. Koma nsomba ya mchere wambiri timaidziwa, ndipo a ku Namwera amaidziwa bwino chifukwa malire a Chiponde ali pafupi, tsidya lake ndi Mandimba m'chigawo cha Niassa. Ndikunena bakayawo. Dzinali linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti bacalhau, nsomba ya mchere youma imene Apwitikizi akhala akudya kwa zaka mazanamazana, kale mafiriji asanabwere. Ku Tete, m'mbali mwa damu la Cahora Bassa, kuli nsomba yotchuka yotchedwa chicoa, imene amaing'amba, kuithira mchere wambiri n'kuiyanika, ndipo imayenda maulendo ataliatali osawonongeka. Ku Congo nsomba yotere amaitcha makayabu. Mayina ndi osiyana, koma nzeru ndi imodzi: mchere wa pathandala.

N'chifukwa chakenso bakayawo, ngakhale mumuviike usiku wonse, sabwerera kukhala ngati nsomba yaiwisi. Mchere umatuluka, madzi ena amalowa, koma myosin amene anapindika ndi mchere sawongokanso. Mnofu wake umakhala wa timinyewa, wofuna kutafuna. Ena ndi chimene amamukondera.

Kuchokera ku dzira mpaka ku mankhwala a njoka

Munthu woyamba kufufuza nkhaniyi mwadongosolo anali Franz Hofmeister, amene ankagwira ntchito ku Prague. Mu 1888 anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake, ndipo chimene anagwiritsa ntchito chinali chinthu chomwe chili m'khitchini mwanu: choyera cha dzira. Kwa asayansi, mawu akuti mchere satanthauza wa pandiwo wokha. Ilipo mitundu yambirimbiri. Hofmeister anayesa mitundu yosiyanasiyana kuti aone kuti ndi uti umaunditsa mapuloteni msanga. Anapeza kuti mphamvu zake sizifanana, ndipo anaindandalika kuyambira wamphamvu mpaka wofooka. Mndandanda umenewo mpaka lero umatchedwa ndi dzina lake.

Mchere wathu wa pandiwo uli chapakatikati pa mndandandawo. Umodzi mwa yamphamvu kwambiri ndi ammonium sulphate. Dzinali likumveka lachilendo? Funsani mlimi aliyense wa ku Namwera za feteleza wa SA, ndi yemweyo. Umasungunuka wambiri zedi, magalamu oposa 700 pa lita, ndipo umaunditsa mapuloteni popanda kuwawononga. M'malabotale padziko lonse, ukakhala woyengedwa bwino, amaugwiritsa ntchito posankhula mapuloteni. Chinsinsi chake n'chakuti puloteni aliyense ali ndi mlingo wake umene amagonjera. Ukathira pang'ono amagwa ena, uwasefe. Ukawonjezera amagwa enanso. Zili ngati kupeta: mphepo imodzi, koma gaga agwa kwake, mphale itsala kwake.

Apa ndi pamene nkhani ya m'khitchini imakumana ndi ya kuchipatala. Munthu akalumidwa ndi mphiri kapena mamba, mankhwala amene angapulumutse moyo wake amachokera m'magazi a mahatchi. Hatchi amaibaya ululu wa njoka pang'onopang'ono mpaka thupi lake lipange asilikali olimbana ndi ululuwo. Asilikaliwo ndi mapuloteni a gulu la globulin lija. Koma m'madzi a m'magazi a hatchi mulinso mapuloteni ena ambiri osafunika, makamaka albumin, amene akhoza kumudwalitsa munthu. Imodzi mwa njira zakale zowasiyanitsira, imene opanga ena akuigwiritsabe ntchito, ndi kuthira ammonium sulphate pa mlingo woti asilikali aja aundane n'kugwa pansi, albumin atsale m'madzi. Kenako amasefa, kuchotsa mchere uja, n'kuyeretsa mankhwalawo. M'chigawo chino cha Africa, mankhwala odziwika a mtundu umenewu amapangidwa ku Johannesburg ndi bungwe la South African Vaccine Producers.

Chenjezo, abale: feteleza ndi wa kumunda. Wa m'thumba uja si woyengedwa, ndipo sayenera kuyandikira chakudya ngakhale pang'ono.

Zimene anapeza Hofmeister zimaonekanso pa thandala. Mchere wa miyala wosayengedwa nthawi zina umakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu. Izi zikachuluka zimayeretsa ndi kulimbitsa mnofu mopitirira, zimachedwetsa mchere kulowa m'kati, ndipo nsomba imamveka kuwawa kwachilendo. Ndiye si mchere uliwonse umene uli wofanana, ngakhale wonse ukuoneka woyera.

Nanga za mufiriji?

Mwina mukuti, ine ndili ndi firiji, za thandala sizikundikhudza. Dikirani kaye. Munayamba mwadyapo chambo chimene chinakhalitsa mufiriji, n'kumamveka ngati mukutafuna siponji? Nkhani yake ndi yomweyi.

Mnofu wa nsomba uli kale ndi timichere take tachilengedwe, tochepa. Nsomba ikayamba kuundana, madzi okha ndi amene amasanduka ayezi, timichere timatsalira m'madzi ochepa amene sanaundane. Madzi akamachepa, mchere umakhala ukuchuluka mphamvu pamalo pamenepo, mpaka kufika poti uyambe kupinda myosin. Palibe amene wathira mchere, koma mapuloteni akumana ndi mchere wambiri. Ayezi nayenso amabaya ndi kung'amba mnofu. Magetsi akathima, nsomba isungunuke, abwere, iundanenso, kuwonongekako kumabwerezedwa. Madzi aja mumawapeza pansi pa jumbo ndi amene mapuloteni alephera kuwagwira. Choncho gawani nsomba m'timajumbo ta mlingo wophika kamodzi, ndipo imene yasungunuka iphikeni, musaibwezerenso.

Ndiye tizichita bwanji?

Musanagwire paketi ya mchere, dzifunseni funso limodzi: chakudyachi ndidya lero, kapena ndikufuna chikhale?

Ngati ndi cha lero, mchere wochepa ndi mnzanu. Masupuni aakulu atatu osasefukira pa lita ya madzi, kwa kanthawi kochepa, kenako pamoto. Koma dziwani kuti madzi amenewa sasunga kanthu. Nsomba yoviikidwa chonchi ndi yaiwisi ndithu, ndipo imawola monga yaiwisi.

Ngati mukufuna chikhale, musaumire. Yambani ndi nsomba yabwino, chifukwa mchere subweza imene yayamba kale kununkha. Ing'ambeni, muchotse matumbo ndi makha, mutsuke magazi ndi madzi oyera. Ikakhala ya mnofu wochindikala, ichekeni mizere kuti mchere upeze njira. Mlingo umene odziwa ntchitoyi amagwiritsa ntchito ndi kilo imodzi ya mchere pa makilo atatu kapena anayi a nsomba. Yalani mchere pansi, nsomba pamwamba, mchere, nsomba, mpaka kumaliza ndi mchere. Zing'onozing'ono zimakhwima msanga, zikuluzikulu zimafuna masiku angapo. Mnofu ukalimba n'kusiya kuchucha, tsukulani mchere wa pamwamba, n'kuyanika pathandala lokwera pomwe mphepo ikudutsa.

Mukasankha njira ya madzi, thirani mchere n'kumatakasa mpaka wina utsale pansi osasungunuka. Musayese ndi lilime, lilime limanama. Kumbukiraninso kuti nsomba ikamatulutsa madzi ake imasukulutsa mchere uja, ndiye pansi pa chidebe pazikhala mchere wotsala nthawi zonse. Nsomba za mafuta monga mlamba zimachita bwino m'madzi otere kusiyana ndi kuziunjika pouma, chifukwa mafuta akakumana ndi mpweya amayamba fungo la chiwawu.

Pali msampha wina umene ambiri sadziwa. Mchere wosalala wa m'paketi umasungunuka msanga kwambiri. Mukaupaka wokha pa nsomba yaikulu, umaumitsa mapuloteni a pamwamba mofulumira, pamakhala chikhungwa cholimba, ndipo mchere umalephera kulowa m'kati. Kunja gwa, m'kati mukuwola. N'chifukwa chake mchere wa miyala, kapena wosakaniza wa miyala ndi wosalala, ndi umene umagwira bwino pa nsomba zikuluzikulu.

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa nyama. Ku Namwera kuno, nthawi ya Idi ya Kurubani mabanja ambiri amalandira nyama yoposa imene angadye tsiku limodzi. Kuilenga timizere topyapyala, kuipaka mchere wokwanira n'kuiyanika kapena kuiwamba ndi nzeru yomweyi. Kuiwaza kamchere ka pandiwo n'kuisiya m'beseni ndi kuitana mphutsi.

Mchere wasunga nsomba, nanga thupi lanu?

Mchere umene wasunga nsomba suyenera kulowa wonse m'thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi wochepera pang'ono supuni ya tiyi imodzi. Wopitirira pamenepa umakweza BP, ndipo BP yokwera ndi imene imabweretsa sitiroko ndi matenda a mtima ndi impso. Musaganize kuti ndi matenda a agogo okha.

Choncho nsomba ya mchere iviikeni musanaphike, musinthe madzi kawiri kapena katatu, ndipo mumphika musawonjezerenso mchere kapena timakyubu tokometsera musanalawe. Pa ndiwo za tsiku ndi tsiku gwiritsani ntchito mchere wokhala ndi ayodini, umene umateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa ana kukula bwino. Ngati kwanu kuli wodwala BP kapena impso, bakayawo asakhale ndiwo ya sabata iliyonse.

Msuweni wanga anakongola kangachepe ku banki m'khonde n'kuyambiranso. Patapita milungu itatu msika unavutanso, nsomba zinatsala. Ulendo uno sanafunse WhatsApp. Anapita kukagula mchere wa miyala, anabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa nyemba, anayeza, n'kuyala nsomba zake m'beseni mosinthanitsa ndi mchere. M'mawa mwake anandiimbira, ali ndi nkhawa ina.

"Asuweni, zaphwatu nsomba zija. Zachepa thupi, madzi ali tho pansi pa beseni. Kodi sindinalakwitsenso?"

Ndisanayankhe, ndinamva mawu a Anganga chapatali: "Muuzeni azitaye madziwo. Nsomba ikalira misozi imeneyo ndiye kuti yavomera kukhala."

Zinatenga masiku angapo kuti ziume, ndipo zina anthu anadandaula kuti mchere wawawa, mpaka anaphunzira kuuza aliyense wogula kuti akayambe waviika. Mtengo wake sunafike pa wa chambo chachiwisi. Koma palibe imodzi imene inapita kudzala, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde anabweza pa tsiku lake.